Chimbudzi Chimene Chinkadikira Riboni

Ana anga, mwakhala mukundiuza kuti ndilembe za ntchito yanga, poti tsopano mawondo andikhazika pansi ndipo nthawi ndili nayo. Sukulu ndinalekezera panjira, choncho ndilemba monga ndimalankhulira. Za ubwana wanga ku Nathenje ndinakuuzani kale pakamwa. Pano ndiyambira pamene ndinagwira ndowa ya ntchito koyamba.

Chaka chimene Tadala ankayamwa

Ndinabwera m'tauni ndili kamtsikana, Tadala ali kumsana. Bambo anu ankasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ya azungu ena ku Area 10, ndipo tinkagona m'kanyumba ka antchito kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi. Kumeneko kunali zii. Unkangomva agalu ndi mageti akutseguka, anthu osawaona, magalimoto okhaokha. Ine zinkandikomera, chifukwa ndinabadwa wamanyazi. Munthu akandipatsa moni ndinkayankha ndikuyang'ana zala za kumapazi. Koma azunguwo atabwerera kwawo, ntchito ndi nyumba zinathera tsiku limodzi. Tinakapeza kachipinda ka lendi ku Mchesi, bambo anu n'kumayenda geti ndi geti kufunsa ya ulonda. Ndi nthawi imeneyo pamene a Namwale, mayi wachikulire wa kumpingo kwathu amene ankakolopa m'maofesi ena ku Old Town, anandiuza kuti kukufunika munthu wa kuzimbudzi. Anati ena akunyansidwa nayo ntchitoyo, koma ufa wogula ndi malipiro ake umaphikika chimodzimodzi.

Dzina la maofesiwo sindilemba, inu mukuwadziwa. Ndi kumene anthu a mumzinda amapita kukakonza mapepala a malo ndi a malonda. Kapitawo wa ife okolopa anali a Kamphinda, bambo wamtali wowonda, wokonda kupachika cholembera kukhutu ngakhale panalibe cholemba. Anandifunsa dzina mobwerezabwereza chifukwa mawu anga sankatuluka. Atatopa anatembenukira kwa a Namwale n'kuwafunsa ngati abweretsa munthu kapena mthunzi. A Namwale anayankha kuti zimbudzi sizicheza ndi munthu, zimafuna manja basi. A Kamphinda anaseka, n'kundipatsa ndowa, mopu ndi epuloni yobiriwira imene inkandifika m'mapazi. Kuyambira tsiku limenelo ankanditchula a Nagama, ndipo sanandikalipirepo chifukwa chobwera ndi mwana kuntchito. Iwe Tadala unkagona m'katoni ya sopo m'kachipinda kosungira ndowa, ndipo ukalira a Kamphinda ankadutsa ngati makutu awo samva. Ndalemba izi kuti pa zimene zikubwerazi musawaone ngati munthu woipa.

Zaka za ku Old Town

Ntchito ya kuzimbudzi ndi madzi, ndipo madziwo ndi amene ankasowa. Mipopi ikauma m'chilimwe tinkasenza ndowa kuchokera chakumsika, kudutsa pakati pa maminibasi, mpaka migolo idzaze. Sopo ankabwera kumayambiriro kwa mwezi, pofika pakati watha. A Namwale anandiphunzitsa kukwecha ndi phulusa ndi mchenga wosefa, monga tinkachitira ndi mapoto kumudzi. Masana tinkakhala kuseri pansi pa mtengo wa mango, aliyense n'kumasula kamba wake, wina mbatata, wina chimanga chokazinga, amesenjala n'kumatifotokozera nkhani za m'maofesi ngati ndi iwo amene amasaina. Masiku amenewo ndimawasowa. Yamikani ndi Chisomo munabadwa ndili komweko, ndipo bambo anu atatisiya, ndi anthu a pansi pa mango aja amene anaperekeza maliro mpaka ku Nathenje n'kugona nafe pansi. Kuchokera pamenepo ndowa yanga ndiyo inali bambo wa pakhomo. Lendi, ufa, sukulu, zonse zinkatuluka m'menemo.

Kenaka a Kamphinda anawasamutsira ku nyumba yaikulu ya maofesi omwewo ku City Centre, ndipo ananditenga. A Namwale anali atapuma kale pantchito. Nyumbayo inali yansanjika, ya makonde aatali, anthu ali pamzere tsiku lonse. Zimbudzi za anthu wamba zinali kumapeto kwa khonde la pansi, koma kuti ukafikeko unkatsika masitepe, ndipo zitseko zake zinali zopapatiza moti mayi wonenepa ankalowa chammbali. Ine sindinaonepo vuto lililonse pamenepo mpaka nditadziwana ndi a Nambewe.

A Nambewe anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina ku Old Town, chakufupi ndi Area 3, pa makina opukusa ndi dzanja. Miyendo yawo inafa ali mwana, ndiye ankayenda pa njinga ya olumala, imene makondakitala ankaipachika kumbuyo kwa minibasi ngati thumba la makala. Ankabwera kawirikawiri chifukwa mapepala a puloti yawo anali a bwerani mawa, bwerani mawa. Anali mayi wa pakamwa, wosiyana ndi ine kutali. Iwo ankatchula alonda kuti ndi amuna awo, ndipo makalaliki ankaopa pakamwa pawo. Ine ankanditchula make Tadala, n'kumandinena kuti ndimayenda ngati ndikupepesa pansi chifukwa chopondapo.

Tsiku lina kukutentha ndinawatengera madzi m'kapu, iwo anakana. Anandiuza kuti akadziwa kuti mawa akubwera kuno, amasiya kumwa chilichonse kuyambira madzulo, ngakhale tiyi wa m'mawa samukhudza. Anati kamodzi zinawavuta, alonda aamuna anawanyamula m'manja kutsika nawo masitepe mpaka pakhomo la chimbudzi cha amayi, anthu a pamzere akuyang'ana, ndipo kuchokera pakhomopo anakwawa okha pansi ponyowa chifukwa njinga sinkalowa. Ananena izi akuseka. Ine sindinaseke, chifukwa pansipo ndinkapadziwa, wokolopa wake ndinali ine.

Chaka cha amisiri

Mabwana anatiitanitsa n'kutiuza kuti zimbudzi zikonzedwa kuti anthu olumala nawonso azitha kulowa, ndipo bungwe lina lakunja lithandiza. Amisiri anabwera ndi mawilibala ndi nyundo zazikulu. Fumbi limene ndinameza chaka chimenecho lingathe kuwaka nyumba. Ukakolopa m'mawa, masana labwerera, bwana wina n'kutuluka mu ofesi kudzakuonetsa nsapato zake. Simenti ikatha amisiri ankasowa osatsanzika, n'kutisiyira milu ya mchenga pakhonde, kenaka n'kudzatulukira ngati anangopita kukadya. Anagumula masitepe aja n'kuwaka njira yotsetsereka. Zimbudzi zakale anangoziika matailosi ndi utoto, zitseko zake n'kukhala zomwe zija. Koma kachipinda kathu kosungira ndowa anakagumula khoma, n'kukakuza, n'kukasandutsa chimbudzi cha olumala. Ndowa ndi mamopu tinkazisunga pansi pa masitepe okwerera kumwamba, ndipo posinthira zovala tinkatchingirana ndi chitenje.

Atamaliza, ndinalowa n'kuima pakati, osafuna kukhudza kanthu. Chitseko chinali chachikulu choti njinga ilowe popanda kugunda. M'khoma munali zitsulo zogwirira zonyezimira, sinki inali yotsika, galasi lodziyang'anira lotsikanso, matailosi oyera mbee. Pokhalira pake panali pokutidwa ndi pulasitiki ya kufakitale. Mmisiri wa matailosi, amene ankakonda kundiputa kuti aone ngati ndiyankha, anati m'menemo ndizilowa nditavula nsapato ngati kwa apongozi.

Zimbudzi zinazo anazitsegula tsiku lomwelo, poti anthu sangadikire. Koma chachikulucho anati chidikire mwambo. Inu mukudziwa m'mene timachitira kuno kwathu: chinthu chatsopano, kaya ndi mjigo, kaya ndi mlatho, sichigwira ntchito mpaka munthu wamkulu abwere adule riboni. Abungwe aja ankafunanso kudzaona ndi kujambula. Ndiye pachitsekopo anakhomapo chithunzi cha munthu wa panjinga, m'munsi mwake n'kukolekapo loko. A Kamphinda anandiitana n'kundiika kiyi m'manja.

"A Nagama, ndapatsa inu chifukwa simulankhula komanso simutsutsa," anatero. "M'mawa muzilowa, kupukuta fumbi, n'kutseka. Pulasitikiyo isang'ambike. Akalowamo munthu riboni isanadulidwe, tonse tikalima kumudzi, koma woyamba kukwera basi ndi inu."

Mwambowo unkangosunthidwa. Lero akuti mlendo wolemekezeka wapita kunja, mawa akuti kwagwa maliro, mkuja akuti abungwe ali patchuthi. Chilimwe chinatha, mvula inayamba. M'mawa uliwonse ndinkalowa kukapukuta chimbudzi chimene munthu sanakhalepo, n'kutseka, kiyi m'thumba la epuloni. Anzanga ankandinena kuti ndine mlonda wa mpando wachifumu. A Nambewe akamadutsa pamenepo ankaimitsa njinga, n'kuyang'ana chithunzi chija, n'kunena mokweza kuti alonda amve, kuti chithunzi chawo chaikidwa bwino, kungoti mwini wake watsekeredwa kunja. Sanandipemphepo kiyi. Ankadziwa kuti ndili ndi ana atatu ndipo mwamuna ndilibe.

Dzinja limenelo

Tsikulo mvula inayamba m'mawa osakata. Makompyuta a m'maofesi anali atavuta, mzere sunkayenda, anthu anadzaza khonde lonse ndi matope a kunsapato. A Nambewe anabwera m'mawa, koma sanapute mlonda aliyense. Anali atadwala malungo, ndipo mankhwala ake anawakakamiza kudya phala ndi kumwa madzi asananyamuke. Chakumasana anandikodola ndi chala. Nditawerama anandinong'oneza kuti, "Make Tadala, lero sindipirira."

A Kamphinda anali atapita ku Old Town kukatenga sopo, ndipo ndi mvula imeneyo sakanabwera msanga. Mabwana a kumwamba sindinalankhulepo nawo chiyambire ntchito. Ndinaima ndi mopu m'manja, kiyi akundilemera m'thumba ngati mwala. Ndinaganiza za Yamikani amene anali atangoyamba sekondale, ndi za alandilodi. Kenaka ndinawauza a Nambewe, maso ali pansi, kuti chachikulucho sichinatsegulidwe. Anati akudziwa, sanandiitanire zimenezo. Anangopempha kuti ndiwakankhe mpaka pakhomo la chimbudzi cha amayi, ndikaime ndi chitenje chotambasula kuti anthu asawaone akamatsika pansi.

Ndinawakankha kutsika njira yotsetsereka ija, njinga ikuyenda bwino kwambiri pa simenti yatsopano. Tinafika pakhomo lopapatiza lija. Ndinali nditakolopamo posachedwa, koma munali mutadzazanso madzi ofiira ndi matope. A Nambewe anakwinya chitenje chawo m'mawondo, anavula tijuzi tawo kuti tisanyowe n'kundipatsira, kenaka anagwira mphuthu ya chitseko n'kuyamba kusendera kutsogolo kwa mpando kuti atsike. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chiyani. Ndimangokumbuka kuti ndinawauza kuti akhale bwino, ndinabweza njinga m'mbuyo, n'kuitembenuzira ku chitseko chachikulu. Loko anatseguka mosavuta. Pulasitiki ija ndinaing'amba ndekha, ndipo kwa ine phokoso lake linamveka mpaka kumwamba kwa mabwana.

Analowa okha, anatembenuza njinga mkati, anatseka chitseko okha. Ine ndinaima panja ngati mlonda, anthu a pamzere akusuzumira, mesenjala wina atayamba kale kukwera masitepe mothamanga. Ndinamva madzi akutsika, kenaka mpopi wa pasinki unathira madzi nthawi yaitali. Atatuluka nkhope yawo inali yonyowa, anali atasukusula. Ndinkayembekeza kuti athokoza kapena apepesa, koma anangoti, "Ndadziona pagalasi. Kani ndakalamba chonchi ndipo simundiuza?"

Mizere ya matayala ndinaikolopa, koma pulasitiki yong'ambika siisokeka. A Kamphinda atabwera sindinadikire kuti amve kwa ena. Ndinaipinda pulasitikiyo, ndinapita pakhomo la kaofesi kawo, ndinagwada, n'kuiika patebulo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti wandituma ndani, ine ndinati palibe. Anafunsa ngati mayiyo anandikalipira kapena kundiopseza, chifukwa pakamwa pake akupadziwa, ndipo zikanakhala choncho akanakhala ndi chokanena kumwamba. Ndinaona kuti akunditsegulira njira. Koma ndinati ayi, sanapemphe n'komwe, ndatsegula ndekha. Anapuma mozama n'kunena kuti nkhaniyo yafika kale kwa mabwana. M'mawa mwake anandilanda kiyi ndi epuloni, n'kundiuza, osandiyang'ana, kuti ndikakhale kaye kunyumba mpaka akuluakulu agamule.

Milungu ya kunyumba

Nthawi imeneyo mukuikumbuka, ndi ija tinkadya phala usana ndi madzulo. Kukhala pakhomo sindinathe, ndiye ndinapita ku Old Town kukafuna maganyu. A Nambewe atandiona ndikudutsa ndilibe epuloni, anamvetsa ndisanalankhule. Anafuna kukwera minibasi nthawi yomweyo kuti akatukwane nyumba yonse kuyambira pansi mpaka kumwamba, koma ndinawapempha kuti asatero, chifukwa akanangomalizitsa ntchito yanga. Anadandaula kuti anthu ofatsa ndi otopetsa. Kenaka anandipatsa simbi ya makala ndi mulu wa mayunifolomu a sukulu, kuti ndizisita ndi kuika mabatani. Ndinkakhala kumbuyo kwawo pakhondepo, madzulo n'kundigawira kangachepe. Kuofesi kunali chete. Anzanga ankandiuza kuti pamalo panga aikapo kale mayi wina wongogwirizira.

Tsiku lina masana ndinaona munthu wamtali akubwera ndi ambulera, akulumpha zithaphwi. Anali a Kamphinda. Ndinkati abwera kudzandiuza kuti zatha. Koma ine sanandione n'komwe, anapita kwa a Nambewe, ananjuta pambali pa makina, n'kuyamba moni wautali, za thupi, za malonda, za mvula ya chaka chino. A Nambewe ankayankha akupukusa makina, osaimitsa. Pomaliza a Kamphinda anafika pa chimene anadzera. Tsiku la mwambo linali litapezeka, ndipo abungwe anali atanena kuti pakhale munthu wolumala woti akhale woyamba kulowa, ajambulidwe. M'nyumba yonse ija munalibe wantchito ngakhale mmodzi wa panjinga. Mabwana anauza a Kamphinda kuti amupeze, ndipo iwo ankadziwa mmodzi yekha.

A Nambewe anaimitsa makina. "Woyamba kulowa? Achimwene, ine ndinalowamo kale. Mukufuna ndikaname pamaso pa alendo, ndi ukristu wangawu?"

A Kamphinda anafotokoza motsitsa mawu kuti pokhalira paja anakutapo pulasitiki ina, imene anakapempha kusitolo ya matilesi, ndipo palibe mlendo angadziwe. A Nambewe anaseka mpaka anatsokomola. Anaitana atelala anzawo kuti adzamve za chimbudzi chovala zovala za matilesi, a Kamphinda ali chinjutire, mvula ikuwadonthera pamsana. Atatha kuseka anadula ulusi ndi mano, n'kulankhula mofatsa.

"Ndibwera, ndipo pakamwa nditseka, chinthu chimene sindinachitirepo munthu. Koma chitseko akanditsegulire yemwe ananditsegulira uja, atavala epuloni yake, ndipo asadzaivulenso. Apo ayi kafuneni wolumala wina. Tilipo ambiri m'tauni muno, kungoti tonse timadziwana."

Pamenepo ndi pamene a Kamphinda anadzutsa maso n'kundiona kumbuyo, simbi ili m'manja. Ndikhulupirira kuti mumtima anasangalala, chifukwa tsopano anali ndi chokanena kumwamba. Anadzuka, anakutumula thalauzi, n'kunena kuti, "A Nagama, Lolemba m'mamawa. Musachedwe, pali zokolopa zambiri."

Mwambowo unali waukulu kuposa chimbudzicho. Panja anakhoma tenti, kunabwera amayi ovina, kunali zakumwa m'makireti ndi zolankhula zosatha. A Nambewe anavala diresi la chitenje limene anasoka okha, ndi duku lalikulu, ndipo alendo ankawagwira chanza mowerama. Mlendo wolemekezeka atadula riboni, anthu anaomba m'manja, a Kamphinda anandikodola. Kiyi anakana kulowa mu loko mpaka a Nambewe anandinong'oneza kuti ndichite changu, tsiku lija sindinachedwe chonchi. Chitseko chinatseguka. Analowa pang'onopang'ono, akuyang'ana uku ndi uku, akugwira zitsulo ndi kupukusa mutu ngati munthu amene sanaonepo zoterezi chibadwire. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

Ku City Centre sindinakhalitseko. Mabwana anati munthu wosamvera malangizo asakhale pafupi ndi alendo, ndiye mwezi usanathe anandibwezera ku Old Town. Iwo ankati ndi chilango. Ine ndinabwerera pansi pa mango, ntchito ili m'manja, a Nambewe ali pafupi poti ndikaweruka ndinkadutsira pakhonde pawo. Ndinagwira kumeneko mpaka mawondo atakana. Ndinamva kuti loko uja sanabwererenso pachitseko, a Kamphinda ankati anamuika penapake ndipo aiwala.

Chithunzi cha tsiku lija anachipachika pakhonde la pansi, ndipo Chisomo akuti chidakalipo. Pakati pali a Nambewe ndi duku lawo, pambali mlendo atagwira sizasi, kumbuyo a Kamphinda atavala jekete yobwereka ya manja aafupi. Wojambula anandiuza kuti ndisendere pafupi, koma ine ndinabwerera m'mbuyo n'kuima kuseri kwa chitseko. Mukadzapita kumeneko kukakonza mapepala anu, mudzayang'ane m'mphepete mwa chithunzicho, chakumanzere. Mudzaona zala za munthu zitagwira chitseko kuti chisatsekeke. Zalazo ndi za mayi anu.